Anathawa cimphepo, anabwerera ndi cikho: nkhani ya anyamata a Tulane

Pa Ciweru, pa 3 December 2022, bwalo la Yulman mu mzinda wa New Orleans ku America linadzala mpaka pakamwa. Bwaloli limalowa anthu 30,000 ndipo tsiku limenelo munalibe mpando wopanda mwini. Masewera atangotha, ophunzira analumpha mipanda nakhamukira m'bwalo kukakumbatira anyamata ao. Timu ya yunivesiti ya Tulane inali itagonjetsa timu ya yunivesiti ya Central Florida, yodziwika ndi dzina lakuti UCF, ndi mapointi 45 kwa 28, ndi kutenga cikho ca ligi yao kwa nthawi yoyamba pa zaka 24.

Zikho zimatengedwa caka ndi caka, ndipo cikanakhala cikho cokha sitikanakutayitsani naco nthawi. Cimene catikoka ndi ici: miyezi 12 cabe kumbuyo kwake, timu yomweyi, ya mphunzitsi yemweyo ndi anyamata ambiri omwewo, inatsiriza caka itawina masewera awiri okha pa masewera 12. Akulu a sukulu anali ndi zifukwa zonse zopitikitsira mphunzitsiyo. Anyamata nao anali ndi ufulu wonse wolongeza zikwama ndi kupita ku matimu ena. Onsewo anasankha kukhala. Tifuna tione cifukwa cake, ndi zimene zinatuluka m'kusankha kumeneko.

Mpira wamtundu wina

Tisanapite patali, tiyambe tamvana. Mpira umene tikukamba pano si bola yathu ya mapazi imene timaonerera ku Nkoloma kapena ku Woodlands. Ndi mpira wa ku America, wooneka ngati dzira, umene amaunyamula m'manja ndi kuuponya, osewera atavala zisoti zolimba ndi zocinjiriza mapewa. Mbali iriyonse imakhala ndi anthu 11 m'bwalo. Timu imene iri ndi mpira imapatsidwa mipata inai yakuti isunthe mayadi 10, amene ndi mamita 9 ndi pang'ono. Ikakwanitsa, imapatsidwa mipata ina inai. Ikalephera, mpira umapita kwa adani.

Kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo, kumene eni ake amati touchdown, kumapatsa mapointi 6, ndipo pambuyo pake amamenya mpira kupyola pakati pa mitengo kuti aonjezere pointi imodzi. Kumenya kotere kukacitika pakokha kumapatsa mapointi atatu. Palinso mapointi awiri osowa-sowa, amene timu imapeza ikagwetsa mdani ali ndi mpira kumapeto kwa bwalo kwa iye mwini. Awa muwasunge m'mutu cifukwa tidzakumana nao kutsogoloku. Masewera onse amatenga mphindi 60, zogawidwa panai.

Ku America mpira wa mayunivesiti si masewera a ana. Pali mabwalo a sukulu amene amalowa anthu oposa 100,000, ndipo mawailesi a kanema amalipira ndalama zankhani-nkhani kuti aonetse masewerawo. Mu 2022 gulu lapamwamba linali ndi matimu 131, ambiri a iwo ogawidwa m'maligi 10 amene amawacha kuti conference. Maligi asanu anali a sukulu zolemera ndi zochuka, asanu enawo a sukulu zocepekedwa. Kumeneko kulibe zakuti timu ikacita bwino ikwera ligi, ikalephera itsika, monga ticitira kuno. Ligi yaikulu umalowamo pokhapo eni ake akakuitana, ndipo amaitana amene adzabweretsa ndalama za pa kanema. Tulane inali mu ligi ya ocepekedwa, imene panthawiyo inali kuchedwa American Athletic Conference, ya matimu 11.

Timu yozolowera mabvuto

Tulane ndi yunivesiti yakale, yosakhala ya boma, imene inayamba mu 1834 monga sukulu ya madokotala. Timu yake imachedwa Green Wave, ndiko kuti funde lobiriwira. Kale-kale inali timu yoopedwa. Mu January 1932 inasewera mu Rose Bowl ndi yunivesiti ya Southern California, kapena kuti USC, niluza 21 kwa 12. Mu January 1935 inawina Sugar Bowl woyambirira itagonjetsa Temple. Inalinso pakati pa sukulu zimene zinayambitsa ligi ya Southeastern Conference, imene lero ndi imodzi ya maligi olemera koposa. Koma mu 1966 Tulane inatulukamo yokha, ndipo kucokera pamenepo zaka zabwino zinali zowerengeka pa zala.

Caka cimodzi cokoma cinali 1998, pamene timu inawina masewera onse 12 ndi kutenga cikho ca Conference USA, mphunzitsi ali a Tommy Bowden, woponya mpira ali Shaun King. Koma a Bowden anatengedwa ndi yunivesiti ya Clemson caka cisanathe, ndipo zinthu zinabwereranso m'mbuyo. Pofika mu 2003 akulu a sukulu anakhala pansi kukambirana ngati kunali kwanzeru kupitiriza kutaya ndalama pa masewera a gulu lapamwamba. Anagwirizana zopitiriza, koma mfundo yakuti nkhaniyo inafika pa thebulo ikutiuza mmene zinthu zinaipira.

Kenaka, pa 29 August 2005, kunabwera cimphepo ca mkuntho ca Katrina. Zipupa zochinga madzi zinagumuka ndipo mbali yaikulu ya New Orleans inamira. Yunivesiti inatseka zitseko kwa miyezi. Timu inasewera masewera ake 11 m'mabwalo 11 osiyana-siyana, yopanda kwao, niwina awiri cabe. Anthu a ku Tulane amadziwa bwino tanthauzo la kusewera mpira uli mlendo.

Mu 2014 sukulu inatsegula bwalo lake-lake la Yulman, itatha zaka pafupi-fupi 40 ikusewerera mu Superdome, cimbwalo cacikulu ca mumzinda cimene kawiri-kawiri cinali kuoneka copanda anthu. Ndipo mu 2016 anayamba nchito mphunzitsi watsopano, a Willie Fritz. Iwowa sanali munthu wa dzina lalikulu. Anakwera pang'ono-pang'ono kucokera ku makoleji ang'ono-ang'ono monga Blinn ku Texas, Central Missouri, Sam Houston State ndi Georgia Southern, ndipo konseko anasiya matimu ali bwino kuposa mmene anawapezera. Ku Tulane anayamba ndi kuwina masewera anai, caka cotsatira asanu, kenaka asanu ndi awiri mu 2018 ndi mu 2019, ndi asanu ndi limodzi mu 2020. Sizinali zodabwitsa, koma nyumba inali kukwera njerwa ndi njerwa.

Mwezi wathunthu mu hotela

Ndiye kunafika caka ca 2021. Masewera oyamba anayenera kucitikira pa bwalo la Yulman pa 4 September, ndipo mlendo anali Oklahoma, timu imene atolankhani anaiika pa nambala 2 m'dziko lonse. Kwa sukulu yonga Tulane, kulandira mlendo wotere kumacitika mwa kamodzi-kamodzi. Koma pa Sondo, pa 29 August, tsiku lomwelo limene Katrina inakantha zaka 16 kumbuyoko, cimphepo cina cochedwa Ida cinagwera pa gombe la Louisiana ndi liwiro la makilomita pafupi-fupi 240 pa ola. Ulendo uno zipupa za madzi zinalimba, koma mzinda wonse wa New Orleans unatsala mumdima, wopanda magetsi.

Timu inathawira ku Birmingham, m'cigawo ca Alabama, ndipo inakhala mu hotela pafupi-fupi mwezi wathunthu. Tangoganizani, awerengi, anyamata a zaka 19 kapena 21, ambiri a iwo ana a ku Louisiana komweko, akudya ndi kugona m'nyumba ya alendo, akucita maphunziro pa kompyuta, akukonzekera masewera pa mabwalo obwereka, uku mitima iri kwa makolo amene madenga ao anasasuka.

Masewera a Oklahoma anasamutsidwa kupita kwao kwa Oklahoma, ku Norman. Eni bwalo anaonetsa umunthu pojambula cizindikiro ca Green Wave pa udzu wao. Tulane inamenya nkhondo yoopsa, niluza ndi mapointi asanu cabe, 40 kwa 35. Sabata yotsatira inawina timu yaing'ono ya Morgan State komweko ku Birmingham. Kucoka apo, akulu anati mvula ikakuona litsiro siikata: inaluza masewera 8 motsatizana. Inadzawinanso kamodzi kokha, kwa South Florida, caka ciri pafupi kutha. Powerengera, anawina awiri, analuza 10.

Kuwerenga bwino manambala

Apa ndi pamene pagona nkhani yathu. Munthu woyang'ana pa thebulo la ligi akanangoona manambala awiriwo, 2 ndi 10, nati timu yafa. Koma munthu woyang'anitsitsa akanaona cinanso. Pa masewera 10 amene Tulane inaluza, asanu inaluza ndi mapointi 7 kapena ocepera apo: kwa Oklahoma, UAB, UCF, Tulsa ndi Memphis. Pa mpira umenewu, kusiyana kotere ndi kwa cigoli cimodzi cabe. Timu yoola siifika pafupi conco ndi timu ya nambala 2 m'dziko, pa bwalo la eni ake. Iyi inali timu yotopa ndi yosokonezeka, imene inali kugwa pa mphindi zotsiriza.

Mkulu woyang'anira masewera pa sukuluyo panthawiyo, a Troy Dannen, sanawacotse nchito a Fritz. Izi sizitanthauza kuti zonse zinasiyidwa mmene zinaliri. Mbali yofuna zigoli inapatsidwa mphunzitsi watsopano, a Jim Svoboda, pamene mbali yochinga inatsala m'manja mwa a Chris Hampton, ngakhale kuti nayonso inabvutika mu 2021. Anasintha pamene panafunika kusintha, koma maziko sanawagumule.

Cosankha cacikulu koposa cinali ca anyamata eni ake. M'caka comweco ca 2021, bungwe loyendetsa masewera a makoleji la NCAA linafewetsa malamulo. Kale wosewera wosamukira ku sukulu ina anali kukhala caka cathunthu osasewera. Tsopano analoledwa kusamuka kamodzi ndi kuyamba kusewera pomwepo. Kuyambira mu July caka comweco, osewera analoledwanso kulandira ndalama potsatsa malonda ndi maina ao. Conco khomo linali lotseguka, ndipo kuseri kwake kunali sukulu za ndalama zambiri.

Koma mizati ya timu inakhala. Woponya mpira, amene ndiye mutu wa timu pa masewerawa, Michael Pratt wa ku Florida, anakhala. Wothamanga ndi mpira Tyjae Spears, mwana wa ku Ponchatoula m'Louisiana momwemo, amene anaduka mtsempha wa bondo mu 2020 nabwerera movutikira, anakhala. Ochinga awiri amphamvu, Dorian Williams ndi Nick Anderson, anakhalanso. Atolankhani a ligiyo atafunsidwa kulosera za 2022, anaiika Tulane pa nambala 7 pa matimu 11.

Caka ca kukolola

Masewera awiri oyamba anali opepuka: Massachusetts inagwa 42 kwa 10, Alcorn State 52 kwa 0. Mayeso eni-eni anadza pa 17 September, pamene Tulane inapita kwao kwa Kansas State, timu ya ligi yaikulu ya Big 12. Ochinga a Tulane anaima ngati khoma. Kutatsala mphindi zocepa, Tulane iri patsogolo 17 kwa 10, inapezeka pa mpata wacinai, itatsala ndi yadi imodzi, pafupi ndi golo lake lomwe. Nzeru ya masiku onse imati pamalo otere umenye mpira kutali, uupereke kwa adani. A Fritz anakana. Anauza anyamata kuti aitenge yadiyo, ndipo Pratt anaitenga. Masewera anathera pomwepo. Kansas State yomweyo ndiyo inadzatenga cikho ca Big 12 mu December, kutanthauza kuti Tulane sinagonjetse timu wamba.

Sabata yotsatira, mwina mitu itakula, analuza pakhomo pao kwa Southern Miss, 27 kwa 24. Coipa cina, Pratt anapweteka ndipo sanathe kusewera masewera otsatira, a ku Houston. Wolowa m'malo mwake, Justin Ibieta, nayenso anapweteka masewera atangoyamba. Mpira unatsala m'manja mwa mnyamata wacitatu pa mzere, Kai Horton, amene ocemerera ambiri sanali kumudziwa. Caka ca 2021 masewera otere akanatayika. Koma Horton anafananitsa mapointi nthawi iri pafupi kutha, ndipo m'nthawi yoonjezera anaponyera Spears mpira umene unawinitsa timu, 27 kwa 24.

Kucokera usiku umenewo funde linayamba kukwera. East Carolina, South Florida, Memphis ndi Tulsa onse anagwa. Pakati pa October dzina la Tulane linaoneka pa mndandanda wa Associated Press wa matimu 25 opambana m'dziko, kwa nthawi yoyamba kucokera mu 1998. Pa 12 November UCF inabwera ku Yulman niwathira madzi ozizira powagonjetsa 38 kwa 31. Patapita masiku asanu, Tulane inathira mkwiyo wake wonse pa SMU, 59 kwa 24.

Anatsala masewera amodzi, pa Cisanu pa 25 November, kwao kwa Cincinnati. Iyi ndiyo inali mfumu ya ligiyo, yotenga cikho zaka ziwiri motsatizana, ndipo inali itawina masewera 32 otsatizana pa bwalo lake la Nippert. Wopambana tsikulo ndiye anali kudzalandira masewera a cikho pakhomo pake. Spears anathamanga mayadi 181. Cincinnati itapita patsogolo m'cigawo cotsiriza, Pratt anayankha msanga poponyera Duece Watts mpira wa cigoli. Anawina 27 kwa 24. Onani kusintha kwake: masewera a cigoli cimodzi, amene caka catha anali kuwapulumuka m'manja, tsopano anali kugwera kwa iwo, ku Kansas State, ku Houston ndi ku Cincinnati.

Sabata ya cikho

Sabata imeneyo mtendere unasowa. Mbiri inabuka yakuti yunivesiti ya Georgia Tech, ya ligi yaikulu, inali kufuna a Fritz. Ocemerera akale anakumbukira za 1998, mmene a Bowden anacokera cakudya cisanapsye. Koma a Fritz sanapite, ndipo pa Ciweru anali pambali pa bwalo ndi anyamata ao.

Mdani anali UCF yomwe ija inawacititsa manyazi masabata atatu kumbuyoko. Tulane inayamba mwamphamvu nifika pa 31 kwa 14. Kenaka m'cigawo cotsiriza inataya mpira mosasamala, UCF nigoletsa kawiri, mapointi nakhala 31 kwa 28. Bwalo linati zii, anthu akuona ngati mzimu wa 2021 wabweranso. Pratt sananjenjemere. Anaponyera Shae Wyatt mpira umene unayenda mayadi 60 mpaka kumapeto, ndipo pambuyo pake anathamanga yekha kukagoletsa cotsiriza. Tsikulo Pratt anaponya mayadi 394, Spears anathamanga 199. Cikho cinatsala mu New Orleans.

Malinga ndi malamulo a nthawiyo, ngwazi yopambana pa maligi asanu a ocepekedwa inali kupatsidwa malo amodzi pa masewera akulu-akulu a pa Nyuwere. Malowo anagwera Tulane. Pa 2 January 2023 inalowa m'bwalo la AT&T ku Arlington, Texas, kukasewera Cotton Bowl. Ndipo mdani anali ndani? USC, yomwe ija inawagonjetsa mu Rose Bowl zaka 91 kumbuyoko, tsopano yotsogozedwa ndi Caleb Williams, amene anali atangolandira Heisman Trophy, mphotho ya wosewera wopambana onse m'makoleji a ku America.

Williams anasewera monga mwa mbiri yake, naponya mipira isanu ya zigoli. Kutatsala mphindi zinai ndi theka, USC inali patsogolo 45 kwa 30. Tulane inagoletsa mwamsanga, Spears akulowa kacinai tsikulo. Poyambitsanso masewera, wosewera wa USC anaphonya kugwira mpira, nutulukira kunja pa yadi imodzi cabe kucokera kumapeto kwao. Apa ndi pamene mapointi awiri osowa-sowa aja anabwera: Patrick Jenkins anagwetsa wothamanga wa USC kumapeto kwa bwalo kwa eni ake. Mapointi anakhala 45 kwa 39, ndipo mwa lamulo mpira unabwerera kwa Tulane.

Pratt anayendetsa timu, kawiri konse akupulumuka pa mpata wacinai. Kutatsala masekondi 9 anaponyera Alex Bauman, mnyamata wa caka coyamba. Oweruza anayamba akana, nati mpira wagunda pansi. Atayang'ananso pa kanema anapeza kuti sunagunde. Valentino Ambrosio anamenya pointi yotsiriza: 46 kwa 45. Tulane inatsiriza caka itawina 12, italuza awiri, iri pa nambala 9 m'dziko lonse. Kucoka pa awiri kufika pa 12 m'caka cimodzi cinali cinthu cimene timu iriyonse ya gulu lapamwamba inali isanacitepo.

Zimene tatolapo

Tisanamizane kuti nkhaniyi inatha ngati nthano. Mu 2023 Spears anatengedwa ndi Tennessee Titans ndipo Dorian Williams ndi Buffalo Bills, matimu a ligi ya akatswiri ya NFL. Caka comweco UCF, Cincinnati ndi Houston analowa mu Big 12, pamene Tulane, imene inawagonjetsa onse atatu, inatsala pomwe inali. Mu December 2023 Tulane inafikanso pa masewera a cikho niluza kwa SMU, ndipo a Fritz anacoka kupita ku Houston. Ndi mmene ulili mpira wa kumeneko: wosauka akalima bwino, wolemera amabwera kudzagula mbeu pamodzi ndi mlimi yemwe. Komabe maziko amene anakana kugumula aja anapirira. Pansi pa mphunzitsi wina, a Jon Sumrall, timu inafikanso pa masewera a cikho mu 2024, ndipo mu December 2025 inacitenganso itagonjetsa North Texas.

Sitikunena kuti mphunzitsi aliyense woluza ayenera kusungidwa. Alipo ena amene akakhalitsa amangokulitsa dzenje. Ndiponso sitingakane kuti mwai unathandizako. Mpira uja ukanapanda kutulukira pa yadi imodzi, bwenzi lero tikukamba zina za Cotton Bowl. Koma cikho ca ligi sicinabwere ndi mwai. Cinabwera cifukwa anthu ena, mu December 2021, anakhala pansi nafunsa funso loyenera: kodi timuyi ndi yoipa, kapena ndi caka cimene caipa? Anayang'ana zaka zitatu za m'mbuyo, anayang'ana mwezi wa mu hotela, anayang'ana masewera asanu oluza ndi cigoli cimodzi, napeza yankho.

Funso limeneli ndi losowa m'makomiti ambiri a masewera, ndipo ife ocemerera ndife oyamba kuliiwala. Timu ikaluza katatu timayamba kuimba nyimbo zakuti mphunzitsi apite, osafunsa ngati anyamata analandira malipiro, ngati anagona bwino paulendo, kapena ngati akuluza ndi cigoli cimodzi kapena zisanu. Mphunzitsi watsopano akabwera amayambanso kukumba maziko, ndipo pakutha pa zaka zisanu pamakhala maenje asanu, nyumba palibe.

Mlimi wanzeru sagulitsa ng'ombe zake cifukwa ca cilala ca caka cimodzi. Amayamba waona ngati bvuto ndi mbeu, nthaka kapena mvula. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, koma kudekha kwa a ku Tulane sikunali kwa manja lende. Anafufuza, anakonza zofunika kukonza, nasunga anthu ao.

Ndipo ulemu waukulu upite kwa anyamata aja. Pratt, Spears, Williams ndi Anderson akanacoka mu January 2022, palibe akanawaimba mlandu. Anali atagona mwezi mu hotela, ataluza masewera 8 motsatizana, ndipo lamulo linali kumbali yao. Anabwerera ku bwalo lomwelo kukayambanso ndi anzao omwewo. Pa 3 December, pamene ophunzira anali kulumpha mipanda ya Yulman, anai onsewo anali pakati pa bwalo.